Mzere Wofiira pa Dzina la Stelia

Bambo mkulu wa maphunziro m'boma lino la Mchinji, mayi mlangizi wa sukulu za m'zoni yathu, mafumu athu a kuno kwa Mlonyeni, abusa ndi akulu a mipingo, wapampando wa komiti ya sukulu ndi anzanu, Bambo Eneya Njobvu pamodzi ndi ana anu Tabeth ndi Luwiza, aphunzitsi anzanga, makolo nonse: ndakulonjerani monga mwa mipando yanu. Ngati alipo amene ndamulumpha, andipeze ku ofesi Lolemba, ndikamulembe.

Ine ndine Benedicto Sakala, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu pa sukulu ino ya Mwalawanjuchi. Ndasunga mabuku a pano kuyambira 1988 kufikira chaka chino cha 2007. Kaundula wa ana, buku la zochitika pasukulu, fayilo ya makalata, zonse zimagona kwa ine. Ana amati sindiseka. Akunama. Ndidaseka mu 1996, ndipo mboni zilipo.

Tasonkhana kutsanzikana ndi Mayi Esitele Njobvu, a Hedi athu, amene lero akupuma pantchito. Ine sindidziwa kuyamikira ndi mawu okometsera. Ndimadziwa kunena zimene zidachitika, ndi tsiku lake. Choncho ndikuuzani momwe mayiwa adaphunzirira lamulo la maphunziro, ndi momwe adapulumutsira nalo sukulu ya mwana mmodzi. Sukulu ya mwanayo adaidula ndine, ndi dzanja ili.

Mayi Njobvu adakhala pampando mu 1994, chaka cha matipate, chaka chimene sukulu idakhala yaulere. Ana adatuluka m'maesiteti ngati ngumbi pa mvula yoyamba. Amene adali mazana anayi adasanduka chikwi ndi mazana atatu. Mayiwa adapatsidwa chidindo ndi makiyi, koma palibe adawaphunzitsa ntchito ya uhedi. Masiku amenewo zinkatero. Ukaphunzitsa bwino Sitandade 8, mawa ndiwe hedi, ngati kuti wodziwa kusoka fodya ndiye kuti wadziwanso kuyendetsa esiteti.

Atangokhala miyezi iwiri, pano padafika galimoto ya chimkuzamawu. Mudatsika mkulu wina wa chipani. Dzina ndilibisa, chifukwa adzukulu ake ali m'Sitandade 4. Iye adati, "A Hedi, mawa kuli msonkhano ku boda. Boma lanena kuti ana onse akaimbe." Mayi adavomera ndi manja awiri. M'mawa mwake adatseka sukulu, natsogolera ana pamzere.

Tsiku lomwelo kudatulukira woyendera sukulu pa njinga yamoto. Adapeza ine mu ofesi, ndi mbuzi zisanu ndi ziwiri m'Sitandade 3. Chiwerengerocho n'choona, ndidachilemba. Adadikira mpaka masana, pamene a Hedi adabwerako ali fumbi lokhalokha, ana mawu atasasa. Sadakalipe. Adangoti, "Mayi, mwati boma lanena. Zalembedwa pati?" A Hedi adayang'ana ine. Ine ndidayang'ana mbuzi.

Sekani, lero ndalola. Koma mumve chimene adachita ndi manyazi amenewo. Wina akadangodana ndi woyenderayo. Iwo adapalasa njinga kupita ku boma kukapempha buku la lamulo la maphunziro. Adauzidwa kuti lilipo limodzi, ndipo silituluka mu ofesi. Adati, "Ndiye ndilowa ndine." Lachisanu lililonse akaweruka ankakhala pa benchi ya alendo n'kumakopera ndi dzanja, ndime ndi ndime, kwa miyezi inayi, mpaka makope awiri achikuto cholimba adadzaza. Malamulo atsopano oyendetsera dziko adakawabwereka kwa wansembe wina ku Kachebere. Zonsezo adaziika m'jumbo ya buluu. Aphunzitsi anzanga, jumbo imeneyo mukuidziwa. Ikatera patebulo pa msonkhano, onse otsutsa ankayamba kutsokomola.

Ndipo funso lija adalitenga kukhala lawo. Mphunzitsi akati mwana wopanda yunifolomu abwezedwe: zalembedwa pati? Kapitawo wa esiteti akati ana a matenanti apume sabata ino akathandize kuthyola fodya: zalembedwa pati? Bambo Njobvu adandidandaulira kuti tsiku lina iwo atati mwamuna satsuka mbale, akazi awo adawafunsa funso lomwelo. Bambo, mudaipeza ndimeyo? Sadaipeze. Akufunafunabe, ndipo mbale akutsuka.

Tsopano ndifike pa nkhani yanga.

Pakhoma la ofesi yathu padali malamulo khumi ndi awiri olembedwa ndi penti yakuda. Adawalemba ndani, sindidziwa. Ine ndidawapeza, ndipo ndinkawalemekeza ngati adatsika kumwamba. Lamulo lachisanu ndi chinayi linkati: mtsikana wopezeka ndi pakati achotsedwe, ndipo asabwererenso.

Mu Meyi 1998, Mayi Njobvu adaitanidwa ku Lilongwe ku maphunziro a aphunzitsi aakulu, a masabata awiri. Adali maphunziro awo oyamba chikhalire pampando zaka zinayi. Adanyamuka akusangalala ngati mwana wosankhidwira ku sekondale, nasiya makiyi kwa ine.

M'Sitandade 7 mudali mtsikana dzina lake Stelia Makwinja, wa zaka khumi ndi zisanu. Makolo ake adali matenanti ochokera ku Phalombe, olima fodya pa esiteti ya kutsidya kwa dambo. Pa mayeso sankatsika pa nambala yachitatu. Sabata imeneyo zidadziwika kuti ali ndi pakati. Mwini wake adali woyendetsa thiraki, ndipo adali atawoloka kale boda. Komiti ya nthawi imeneyo idakumana, idayang'ana pakhoma, idagamula. Ine ndidatsegula kaundula pa nambala 2,114. Ndidatenga rula ndi cholembera chofiira. Ndidajambula mzere wowongoka bwino, n'kulemba kuti: wachotsedwa. Ndidagona tulo tabwino, pakuti ndidali nditatsata dongosolo.

Mumvetse kulemera kwa mzere umenewo. Matenanti sakhalitsa. Fodya akatha kugulitsidwa, lole imabwera n'kuwatenga. Mwana wochoka pano amafunika kalata ya thiransifa kuti akalandiridwe kwina, ndipo kalatayo imanena zimene kaundula akunena. Kaundula akati wachotsedwa, kalata nayo iti wachotsedwa. Sukulu yake ikathera pomwepo, kuno ndi ku Phalombe komwe. Lole ya chaka chimenecho inkayembekezeka kumapeto kwa Ogasiti.

A Hedi atabwerako adachita zimene ankachita nthawi zonse. Asadavule ndi juzi yomwe, adawerenga buku la zochitika. Kenaka adandiitana.

"A Sakala, mwana uyu mwamuchotsa ndi lamulo liti?"

Ine ndidaloza pakhoma.

"Limenelo ndi khoma, a Sakala. Ine ndikufunsa lamulo."

Ndidayankha kuti lakhala pamenepo zaka zambiri. Adati, "Nazonso nyerere zakhala pamenepo zaka zambiri. Ndipatseni fayilo ya makalata a ku unduna, ya 1993."

Ndidaipereka monyadira, chifukwa fayilo yanga idalibe banga. Adatsegula, nasolola kalata imodzi. Inkanena kuti mtsikana wotenga pakati apume chaka, ndipo makolo akapempha, abwerere kusukulu. Ku maphunziro kuja adakhala tsiku lathunthu pa kalata imeneyi. Pamwamba pake padali chidindo cha sukulu ino, tsiku limene idafika, ndi nambala ya fayilo. Zolembazo zidali zanga. Ndidailandira ndine. Ndidaiboola ndine. Ndidaimanga m'fayilo pamalo ake enieni. Kuwerenga kokha ndiko sindidachite.

Mabwana ndi madona, zaka zisanu lamulo lidagona m'kabati yanga, lotetezedwa bwino ku chiswe ndi kwa ine ndemwe.

Mukuganiza kuti ndidavomera pomwepo? Ayi. Ndidati komiti yagamula, ndipo kaundula safufutidwa. Chiyambire ntchito ndidali ndisadafufutepo ngakhale chilembo chimodzi. A Hedi adati, "Sindikufuna mufufute. Mzerewo ukhale, anthu adzaone kuti tidalakwa. Mulembe pansi pake kuti mwanayu sadachotsedwe, wapuma, ndipo muikepo nambala ya kalatayi. Ndikudikirani mpaka sabata ya lole. Ikakwana ndilemba ndekha. Koma ndikufuna zilembedwe ndi dzanja limene lamvetsa, chifukwa ine sindidzakhala pano mpaka kale, ndipo atsikana sadzatha."

Padatsala kalata ya makolo yopempha malo. Bambo a Stelia sankatha kuchoka pantchito, choncho a Hedi adapita okha ku chigafa, kumene ankasankha fodya. Adanditenga kuti ndikhale mboni. Adatenganso padi yanga ya chidindo osasaina m'buku la katundu, ndipo nkhani imeneyo sitidaimalize.

Tidampeza Stelia atakhala pa belo, akulemba matikiti a mabelo. M'chigafa chonsecho wodziwa kulemba bwino adali yekhayo. Bambo ake sadadzutse ndi mutu womwe.

"Aphunzitsi, ife ndife alendo kuno. Mwatichotsera mwana, tavomera. Tsopano mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna abwerere."

"Ndi mimbayo? Muziseka bwino. Sukulu yake yakwana, onani akulemba pa mabelo. Kuli bambo wina cha ku Mwami wati amutenga ndi mwana yemwe."

A Hedi adakhala pansi, pa fumbi la fodya, atavala suti yawo ya ku Lilongwe. Adayamba kusankha nawo masamba. Adasakaniza a pansi ndi a pamwamba, mpaka bamboyo adalephera kupirira. "Iii, mayi, mutiphetsa kwa kapitawo! Ili ndi ili si limodzi!"

"Mwaona? Ine za fodya sindizidziwa, ndipo mwandikonza. Inunso za sukulu mundilole ndikukonzeni. Amene adakuuzani kuti mwana wanu watha ndife, ndipo tidakunamizani. Boma silidatero."

Atatero adatembenukira kwa mtsikanayo, chinthu chimene komiti yonse, ndi ine ndemwe, sitidachiganizire. "Stelia, iwe ukuti bwanji?"

Mwanayo adayang'ana tikiti imene idali m'manja mwake. Adati, "Ndimafuna ndidzalembe mayeso a Sitandade 8. Ngakhale ndidzalephere, koma ndidzalembe."

Mayi ake, amene adali pakona, adati, "Abambo, dindani. Wa ku Mwamiyo ali ndi akazi awiri kale." Bamboyo adapukuta chala pa kabudula, nachiika pa padi yanga, nadinda pa kalata yopempha malo ija.

Mudzi udamva. Apa ndipo padavuta. Makolo ena adati achotsa ana awo aakazi. Komiti idalemba kalata ku boma yopempha kuti Mayi Njobvu asamutsidwe, ati akulimbikitsa chiwerewere. Ena mwa amene adasaina muli pano, mwavala bwino. Musawerame, sinditchula. Mndandanda wokha ndili nawo.

A Hedi adaitanitsa msonkhano m'chipinda cha Sitandade 5. Anthu adadzaza mpaka m'mawindo. Adaika jumbo patebulo, nayamba kuwerenga ndime ndi ndime, akumasulira m'Chichewa. Adawerenga ya m'malamulo a dziko yonena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wophunzira. Adafunsa, "Pamene pati aliyense, pali amene akuonapo kuti kupatula mwana wa tenanti? Kupatula wa pakati?" Mayi wina adaimirira kumbuyo, nakuwa kuti, "Ndiye kuti ana athu onse atenge mimba, poti malo awasungira!" A Hedi adayankha modekha. "Mayi, kalata iyi sipereka mimba. Ikungondiletsa ine kuwonjezera chilango pa mwana amene moyo wamulanga kale. Ndipo tsiku lina, Mulungu aletse, mwina idzateteza wanu."

Adaonjezanso mawu amene ndidawalemba m'buku tsiku lomwelo. Adati, "Komiti ili ndi mphamvu zake, ndipo ndimazilemekeza. Ine ndili ndi zanga. Koma tonse tili pansi pa pepala ili. Mukandisamutsa, wobwerayo adzalipeza lili pomwepa."

Mu Julayi kudabwera bwana wochokera ku boma kudzafufuza dandaulo lija. Adawerenga zonse, kenaka adaitanitsa kaundula. Adaona mzere wofiira, nafunsa kuti, "Wachotsa mwana mosatsata lamulo ndi ndani?" Buku la zochitika lidali patebulo pomwepo, losonyeza kuti sabata imeneyo a Hedi adali ku Lilongwe. Kudali kungolitsegula. Ine ndidaima pakhomo. Mayi Njobvu adati, "Bwana, sukulu ino ili m'manja mwanga. Cholembedwa chilichonse m'mabuku ake ndimayankha ndine. Kulakwa kwanga n'kwakuti ndidaphunzira lamulo ndekha, osaphunzitsa anzanga. Ndikonza."

Ndikunena lero pamaso pa bwana wa boma ndi pamaso pa ana awo: ndidakhala chete, munthu wina akusenza mlandu wanga. Bwanayo adakana pempho la komiti, koma adawasiyira a Hedi chenjezo lolemba chifukwa cha mzerewo. Chenjezolo ndidaliika m'fayilo ndine. Limenelo ndidaliwerenga.

Bwanayo atangochoka ndidatsegula kaundula. Pansi pa nambala 2,114 ndidalemba kuti: sadachotsedwe, wapuma, ayenera kulandiridwanso. Ndidaikapo nambala ya kalata ya unduna, ndi kusaina. A Hedi adasaina pambali. Sabata yotsatira adagula laimu napaka khoma lija. Kuyambira pamenepo, Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, aphunzitsi tonse tinkakhala pansi kuwerenga makalata a ku unduna mokweza. Wowerenga ndidali ine. Mwambo umenewo udafalikira m'zoni muno, ndipo ahedi ena amene mwakhala kutsogoloku mudauphunzirira m'chipinda chomwechi.

Lole idafika masiku awiri isadakwane nthawi yake, m'mawa ana ali pa asembule. Uthenga utatipeza, ndidalemba kalata ya thiransifa mothamanga kuposa kale lonse, koma mosalakwitsa. A Hedi adalamula kuti nambala ya kalata ya unduna ilembedwenso pamenepo, ndi zilembo zikuluzikulu. Adadinda, naikulunga m'pepala la pulasitiki, nakwera njinga. Adaipeza lole pa mphambano ya msewu waukulu, anthu atakhala pamwamba pa mitolo ndi nkhuku zawo. Adaimirira pa tayala, napereka kalatayo m'manja mwa Stelia. Adati, "Iyi isalowe m'thumba la munthu wina. Usunge wekha. Akakakukaniza, uwauze atsegule fayilo yawo pa nambala iyi."

Lole idapita. Ndipo sitidamvenso kanthu.

Januwale aliyense, sukulu zikamatsegulidwa, a Hedi ankaima pakhomo la ofesi yanga n'kufunsa, "A Sakala, palibe kalata ya ku Phalombe?" Ine ndinkayankha kuti palibe. Zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku lina adandiuza kuti mwina adangovutitsa mwana wa eni ake pachabe, kumupatsa chiyembekezo cha pepala. Atsikana ena khumi ndi atatu adabwerera pa sukulu ino chifukwa cha iwo, koma mtima wawo udatsalira pa woyamba uja.

Mayi, pamene komiti idandisankha kuti ndilankhule lero, ndidaona kuti sindingakutsanzikeni ndi nkhani yosatha. Ndidatenga dzina la mudzi wa kwawo m'kaundula, ndi kulembera sukulu khumi ndi imodzi za dera limenelo. Zisanu ndi zinayi sizidayankhe. Imodzi idati sikumudziwa. Imodzi idayankha sabata yatha. Walemba ndi wosunga mabuku mnzanga, ndipo ndikuona kuti ndi munthu wadongosolo. Ndiwerenga momwe yalembedwera.

"Kwa Mphunzitsi Wamkulu, Mwalawanjuchi. Tikutsimikiza kuti Stelia Makwinja adalembedwa pa sukulu yathu pa 17 Januwale 2000, m'Sitandade 7. Adabwera yekha, mwana wake atamusiya ndi agogo ake. Poyamba tidamubweza. Iye adakana kuchoka pakhonde, nati titsegule fayilo yathu pa nambala imene idali pa kalata yake. Tidatsegula, ndipo tidaipeza. Adalemba mayeso a Sitandade 8 mu 2001, adakhoza, nasankhidwira ku sekondale yoyendera. Za pambuyo pake sizili m'mabuku athu. Tikudziwitseninso kuti kuchokera nthawi imeneyo talandira atsikana ena asanu ndi mmodzi mwa njira yomweyo."

Mayi, adalemba. Ndipo sadalephere.

Tabeth, apatseni amayi anu mpango. Tidikira.

Ine ndagwira ntchito ndi ahedi anayi. Ndaona odziwa kukalipa, ndaona odziwa kumanga midadada. Koma munthu wotenga lamulo ngati chofunda cha mwana wosauka, osati ngati chikwapu, ndaona mmodzi. Mwana wa tenanti, wa pakati, wopanda womuyankhulira, adaima pakhonde la sukulu ya kutali kwambiri ndi kuno, naphunzitsa aphunzitsi lamulo. Adazitenga kwa inu, pa tayala la lole. Zimenezi ine zimandichititsa mantha, mantha aulemu. Bwana wa boma, muli pano: ahedi atsopano musawapatse makiyi okha. Aphunzitseni asadalakwire mwana wa munthu, pakuti si onse adzapalase njinga kukakopera okha.

Kalata iyi yalembedwa kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo mpaka dzuwa la lero litalowa mphunzitsi wamkulu ndinu. Mwa dongosolo iyenera kukhala ya sukulu. Ine ndalemba kale m'buku kuti yaperekedwa kwa mwini wake. Landirani. Landiraninso kupepesa kwanga, kumene kwachedwa zaka zisanu ndi zinayi, ndi kuthokoza kwa ana onse amene mudawaimira.

Pitani mukapume, Mayi Njobvu. Mukadzuke dzuwa litakwera. Mukalime mtedza wanu, mukalere adzukulu, belu likalira musatembenuke. Mulungu akupatseni masiku ambiri ndi maondo olimba.

Tsopano nonse imirirani, ndi inu a komiti yakale omwe. Amayi, nthungululu zanu zimveke mpaka ku boda. Tiwaombere m'manja a Hedi athu, ndipo ndiyamba ndine.